Mtedza Kutsidya kwa Mzere

Mayi Fainesi Mvula aphunzitsa ku Zemba zaka makumi awiri, ndipo mbiri yakale saiphunzitsa ndi choko chokha. Amati mbiri yongoloweza ndi ndiwo zopanda mchere. Ana amawakonda, koma makolo amadandaula, poti mwana akachoka m'kalasi mwawo amakafunsa zosafunsika.

Lachitatu lina anajambula mapu pansi ndi phulusa: apa kwathu kuno ku Chadiza, apa Malawi, mzere uwu malire a Mozambiki. Mwana aliyense anampatsa njere ya mtedza kuti aike kumene agogo ake anachokera. Mtedza unaunjikana mbali ya kuno. Koma Tionge, kamtsikana kofatsa, anadumpha mzere n'kukaika wake kutsidya.

"Agogo anathawa nkhondo," anatero.

Kenako wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Obwera."

M'mawa mwake a Manase, bambo ake a Tionge, anafika pa njinga thukuta lili kamukamu. Mpando anaukana.

"Amadamu, mwatipha. Zaka zonsezi nkhaniyi tinaikwirira. Munda wathu wa kudambo anthu akhala akuulirira, ndiye dzulo lomweli ayamba kuti obwera alibe nthaka. Kauzeni anawo kuti mwanayu analakwitsa."

Mayi Mvula anachita mantha, tisabise. Bodza lake linali losavuta, mawu awiri okha munda wapulumuka. Koma Tionge akanaphunzira kuti agogo ake ndi chinthu chochititsa manyazi. Ndiponso aphunzitsiwo anali ndi chawo chimene anabisa chiyambire ntchito, moti ngakhale a hedi sankachidziwa.

Analowa m'kalasi, a Manase ataima pakhomo. Mapu aja anali akadalipo. Tionge anali ataweramitsa mutu.

"Dzulo munthu mmodzi sanaike mtedza wake," anatero Mayi Mvula. "Ndine."

Anatola njere, anadutsa mzere, n'kuiika pafupi ndi ya Tionge.

"Amayi anandiwolotsa ndili kumsana. Wofuna kunena kuti obwera, ayambire pa ine."

Patapita kanthawi mwana wina anadzuka n'kusuntha mtedza wake, kenako wina, mpaka kutsidya kunakwana njere zisanu ndi imodzi. Wolanda munda tsopano anafunika kukangana ndi mabanja onsewo.

A Manase anavula chipewa, misozi ili lengelenge.

"Amadamu," anafunsa motsitsa mawu, "kwanu kunali mudzi uti?"