A Kamwendo ndi apongozi awo pamzere umodzi

Usiku watha ndinalota zoti mpaka pano mutu sukugwira, anzanga. Koma ndikuuzeni kaye kumene zachokera. Kwaya yathu ili ndi mpikisano Loweruka likubwerali, ndipo oweruza ananena kuti chaka chino nyimbo iliyonse ipite italembedwa manotsi, ndi ng'oma zomwe. Mphunzitsi wa kwayayo ndine. Mawu a oimba ndinamaliza kale kulemba pa laputopu, mu pulogalamu ija yolembera manotsi, koma ng'oma zandidyera mlungu wathunthu. Ndikaika notsi ya ng'oma yaikulu, kukumveka belu. Ndikaisuntha pang'ono, kukumveka wisulo.

Ndiye m'malotomo ndinali m'tchalitchi mwathu masana dzuwa likuswa mtengo, laputopu ili paguwa. Mizere isanu ya manotsi ija inali itatuluka pagalasi n'kutambasuka kuchokera kukhomo mpaka kutsogolo, ngati mawaya oyanikapo zovala. Pamzere wina panali ngakhale thewera la mwana, koma palibe amene anadabwa nalo. Pulogalamuyo inkalankhula, ndipo mawu ake anali a nesi wina wa kuchipatala kwathu amene amakalipa kusikelo.

"Ng'oma yaikulu ikhala mzere uti? Fulumirani mayi, kumbuyoku kuli anzanu."

Ndinanyamula a Kamwendo, bambo wa thupi amene amatiimbira ng'oma yaikulu, n'kuwakhazika pamzere wapansi. Anali opepuka ngati pilo. Anangokhala phee, ng'oma ili pakati pa miyendo, waya ukulendewera. Kenako nesi uja anaitana chisekese. Chisekese mukwaya mwathu amaimba ndi a Nachisale, amene ndi apongozi awo a Kamwendo. Chala changa chinaterereka, ndipo a Nachisale anakatera pamzere womwewo, phewa kukhudzana ndi la mkamwini wawo.

Anthu awiriwa akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'chimanga. Ndiye a Nachisale anadzifunditsa chitenje kumutu, a Kamwendo n'kumayesa kulowa m'ng'oma. Mpingo wonse unayamba kung'ung'udza. Ndinayesa kukokera a Nachisale pamzere wapamwamba, koma nesi uja anati zimenezo sizitheka pokhapokha ankhoswe a mbali zonse atabwera.

Kenako ndinakumbukira kuti manotsi a chisekese sakhala ndi mutu wozungulira, amakhala ndi kamtanda kopingasa, konga kamene aphunzitsi amaika ukalakwa masamu. Ndinati ndikonzeretu zimenezo. Nditangodina, kamtandako kanatulukira pamphumi pa amayi onse oimba mawu achiwiri. Abusa anaimirira atakwiya, n'kufunsa kuti ndani wadula akhristu awo mumpingo osadzera kwa akuluampingo. Zala zonse zinaloza ine.

Ndinati mwina ndikailiza nyimboyo mitima ikhala pansi. Ndinadina poyambitsira. A Kamwendo anamenya ng'oma, kunamveka tambala. Anamenyanso, kunamveka mbuzi. Atamenyanso kunamveka mawu a neba wanga akupempha moto wa pambaula. A Kamwendo anandiyang'ana misozi ili lengelenge, ine thukuta lili kamukamu.

Ndiye tinapezeka tili mu minibasi tikupita ku mpikisano, kwaya yonse, mizere ija itamangidwa padenga ngati nzimbe. Kondakitala wake anali mkulu wa oweruza, atavala suti ndi tayi. Anandiuza kuti tiimbire momwemo chifukwa holo ya mpikisanoyo yapita kumaliro. Ine ndinapepesa za malirowo, tinayamba.

Zinkayenda bwino ndithu. Oimba tenala anali pa injini, oimba besi atapanikizana kumbuyo ndi thumba la usipa. Tikuyandikira pamene ng'oma imalowa yokha, pomwe nyimbo yathu imakomera, ndinacheuka. A Kamwendo palibe. Ndinawaona pawindo, atakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, akukukuta chimanga chootcha. Minibasi inkathamanga koma mtengowo unkangoyenda nafe limodzi.

"A Kamwendo, bwerani! Pafika panu!"

"Mayi, mwandilembera nokha kuti ndipume," anayankha mkamwa muli chimanga. "Tsamba lonse ndi kupuma kokhakokha. Ine ndikutsata manotsi."

Nditayang'ana pa laputopu ndinapeza kuti sakunama. Polimbana ndi zowalekanitsa ndi apongozi awo zija ndinafufuta manotsi awo onse. Woweruza anakweza cholembera m'mwamba. Ndinaganiza za miyezi yonse imene amayi aja akhala akusiya ntchito zapakhomo kudzaphunzira nyimboyi.

Ndiye ndinalumphira ng'omayo ndekha. Inali yofunda, yofewa pang'ono, ngati yangochoka kumene pamoto. Ndinaimenya ndi manja onse, ndipo kwa nthawi yoyamba inalira monga ng'oma, mawu akuya okoma. Woweruza anataya cholembera n'kuyamba kuvina, tayi ikuuluka pawindo. Ndinawonjezera mphamvu. Kenako ng'omayo inatsokomola n'kundiitana, "Make Tadala! Make Tadala!"

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ine nditagwada pabedi, zikhatho zonse zili pamimba pa amuna anga. Anandiyang'ana kwa kanthawi akupumira m'mwamba, kenako anati, "Make Tadala, ngati ndalakwa tiyeni tikambirane. Ngati ndi za kwaya, malizani vesiyo ndipite kuntchito."

Ndiye inu odziwa kumasulira maloto, tandithandizeni. Woweruza akavina ndiye kuti tipambana, kapena maloto amanena zotembenuza? Nanga kulota ukumenya ng'oma ya eni n'chiyani? Masulirani mosandinyengerera. Amuna anga musawafunse, iwo amasulira kale: akuti kuyambira lero agona pamphasa pabalaza mpaka mpikisano udutse.