Chaka Chimene a Mitambo Anapempha Kuyankhula

Kuntchito ankawatcha a Mitambo, chifukwa moyo wawo wonse anautha akuphunzitsa kompyuta kuwerengera mmene mitambo imayendera. Anakula akuweta mbuzi, maso ali kumwamba, koma ofesi yawo inali pansi penipeni pa nyumba ya sayansi, pafupi ndi chipinda cha makina. Kumeneko kunkazizira chaka chonse, ndipo ankavala juzi ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Nyengo ankaidziwira pa kawindo ka m'mwamba: fumbi, kenako matope, kenako udzu.

Anali achibwibwi chibadwire. Mawu ankawakanira pakhosi, makamaka pagulu, koma pulogalamu yawo inkayenda mosakhumudwa.

Mitengo ikayamba kuphukira, kunkabwera uthenga wa msonkhano wapachaka wa anthu ochita sayansi ndi makompyuta. Wofuna kukaonetsa ntchito yake ankatumiza chidule, n'kusankha chimodzi mwa ziwiri: kukayankhula pamaso pa gulu, kapena kukapachika positala pakhoma n'kuima pambali pake. A Mitambo sankachedwa n'kuganiza. Positala basi. Ntchitoyo ikafunika kuyankhulidwa, kutsogolo kunkapita a Pulofesa, abwana awo, munthu wa pakamwa pofewa. Sankawabera ayi. Dzina la a Mitambo ankalitchula, n'kuwaloza ali pampando wakumbuyo. Anthu ankacheuka, n'kuomba m'manja, n'kuyang'ananso kutsogolo.

Mapositala awo ankawasindikiza pansalu kuti azipindika m'sutikesi. Msonkhano ukatha akazi awo ankawalanda. Imodzi inasanduka katani ya kukhitchini, ina inkaphimba firiji. Alendo ankamwa tiyi akuyang'ana mizere yofiira yosonyeza mphepo, ndipo mayiwo ankadzitama kuti mumsewu wonsewo ndi iwo okha opukutira mbale sayansi.

Chaka chomaliza a Mitambo asanapume pantchito, uthenga uja unabwera monga mwa nthawi zonse. Mwana wawo wamkazi, namwino, anawapeza pathebulo akulemba chidule. Anasuzumira paphewa pawo n'kuona kuti asankhanso positala.

"Ababa, mukapume anthu aja asanamve mawu anu? Azidzati pulogalamuyo inkadzilemba yokha."

Iwo anayankha kuti positala ndi yabwino, umacheza ndi munthu mmodzimmodzi ngati kupalira phando ndi phando. Mwanayo anati n'zoona, koma wopalira nayenso amaimbako kuti anthu amumve. Akazi awo, ali kukhitchini, anangoti makatani akwana, asabweretsenso ena.

Sanatumize tsiku limenelo. Chidulecho chinangokhala, iwo akuchitsegula n'kuchitseka. Pa tsiku lotsekera kulandira zidule, mvula yoyamba itangodontha pa kawindo kaja, anasankha kuyankhula, n'kutumiza, n'kuzimitsa kompyuta ngati munthu wothawa njuchi.

Dzinja lonse anayeserera. Pa nthawi ya nkhomaliro ankalowa m'chipinda cha makina n'kumayankhula ndi makabati achitsulo. Phokoso la mafani oziziritsa makinawo linkawathandiza, pakuti akapanda kudzimva mawu ankatuluka. Kunyumba ankaima pabalaza, akazi awo atagwira wotchi. Akakodwa ankapepesa, ndipo zimenezo mayiwo sanazikonde.

"Mwalakwira ndani, bambo? Imani, mupume, mawuwo abwera okha. Tsiku munkandifunsira lija ndinadikira mpaka tiyi anazizira. Nanga si ine ndili pano?"

Yankho linafika udzu utayamba kuuma nsonga. A komiti ya msonkhanowo anathokoza, anati ofuna kuyankhula achuluka kuposa malo, choncho ntchitoyo ailandira ngati positala.

A Mitambo ankayesa kuti mtima wawo ukhala pansi. M'malo mwake anapezeka akuwerenga uthengawo mobwerezabwereza, chakudya osachimva kukoma. A Pulofesa, amene anali atalandiridwa kukayankhula za ntchito ina, anawauza kuti atenge malo awowo. Iwo anathokoza n'kukana. Anati nsalu yobwereka siithetsa usiwa.

Ananyamuka nyengo yozizira, positala ili m'sutikesi. Anaipachika, anaima pambali pake, anacheza ndi obwera mmodzimmodzi monga kale. Koma pakhomo la holo panali bolodi loyera. Pamsonkhanopo, aliyense ankaloledwa kulemba dzina pabolodipo kuti tsiku lomaliza ayankhule mphindi zochepa chabe. Nthawi ikatha belu linkalira, ndipo gulu linkaomba m'manja mpaka munthuyo atsike, kaya wamaliza kaya ayi. Zaka zonse a Mitambo ankalilambalala bolodi limenelo, poti kwa wachibwibwi wotchi ndi mdani. Poyamba analidutsa. Tsiku lotsatira anaima n'kuwerenga mayina a achinyamata amene anali atalemba kale. Mmawa wa tsiku lomaliza anatola cholembera.

Ataitanidwa anakwera, magetsi akuwathobwa m'maso. Mawu oyamba anakana. Anapuma, n'kuyamba. Anafotokoza kuti kompyuta imagawa thambo m'timabokosi, koma mtambo sudziwa malire amenewo, ndipo podutsa unkasweka. Anaonetsa njira imene anapeza yoti uzidutsa wathunthu. Anakodwa kangapo, osapepesa. Belu linalira ali pakati pa chiganizo, liwu lina litawagwira pakhosi.

Manja ochepa anaomba, n'kuleka. Wogwira belu analiika pathebulo. A Mitambo anadikira liwu lija mpaka linafika, anamaliza chiganizo chawo, n'kutsika.

Pansi pa masitepe panali mayi wina wachilendo, atagwira kompyuta yake yotsegula. Anati mitambo ya pakompyuta yake nayonso imasweka pamalire, ndipo anafuna kudziwa zina zimene a Mitambo akananena belu likanapanda kulira. A Mitambo anatuluka naye panja padzuwa, akumuyankha pang'onopang'ono.