Mzere Umene Ndinadutsitsa Pamanda ku Nsanama

Ndinkagwira ntchito yojambula mapulani a matauni, ndipo msewu watsopano wopita kumsika wa Nsanama ndinaujambula nditakhala mu ofesi, ndikuyang'ana chithunzi chojambulidwa pandege. Nditaona kamsitu, ndinangodutsitsa mzere pakati pake. Ine wokulira kumudzi ndinaiwala kuti mitengo yosadulidwa pakati pa minda ndi manda.

Tikukhoma zikhomo, anabwera Che Saidi, mkulu wa pamzikiti.

"Achimwene, msewu wanuwu ukudutsa pamene agona mayi anga."

Manyazi anandigwira, koma ine manyazi amatulukira m'ukali. "Pulaniyi ndi ya boma. Mukutsutsa boma, bambo?"

Ndinakuwa chonchi tcheyamani wa chipani ali pomwepo, ndikudziwa bwino kuti masiku amenewo mawu otere ankamangitsa munthu. Che Saidi anagwira kofia yawo.

"Iyayi bwana, ine ndimangokuuzani pamene agona."

Tcheyamani anandikokera pambali n'kundifunsa ngati akawanene Che Saidi kupolisi. Apo mpamene ndinazindikira kuti ndawaika m'mavuto. "Asiyeni, akalamba awa," ndinatero, ngati wachifundo ndine.

M'mawa mwake ndinanamiza abwana anga kuti pamalopo pali dambo, malole azidzatitimira. Anavomera osapita kukaona, msewu n'kulambalala msituwo. Che Saidi sanamangidwe, manda sanakhudzidwe, koma kupepesa kokha kunandikanika. Ndikawaona pamsika, ndinkayamba kusankha tomato.

Masiku ano ndikakwera basi, dalaivala akafika pakona imeneyo amatukwana chitsiru chimene chinakhotetsa msewu popanda chifukwa. Ine ndimapuma bwino n'kuyankha kuti, "Mukunena zoona, adalaivala, chinali chitsiru ndithu."