Zozimitsira Moto Zobwereka

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankayang'anira zipinda pa loji ina ku Chia. Mayi Gondwe a ku Lilongwe anali ndi nyumba chapafupi pomwepo, ndipo anayamba kugonekamo alendo olipira. Ine anandilemba m'nyumbamo: ndinkachapa zofunda, kupachika maneti, kukolopa ndi kupereka makiyi.

Nyumba ikayamba kugoneka alendo olipira, lamulo siliiwerenganso ngati ya banja. Imafunika layisensi, ndipo aboma asanaipereke amabwera kudzayendera. Amafuna kuona chozimitsira moto, bokosi la mankhwala a pangozi, neti pabedi lililonse ndi chimbudzi chaukhondo. Ife tinali ndi manetiwo basi.

Mayiwo anati kugula n'kuwononga. "Kabwereke kwa azakhali ako, mawa tibweza."

Ine kupusa, ndinapitadi. Azakhali anandipatsa zozimitsira ziwiri zofiira ndi bokosi, abwana awo asakudziwa. "Mwanawe, ndi ntchito yangatu wanyamulayi," anatero.

Oyendera anabwera, n'kunena kuti tikonze kaye chitseko cha bafa, adzabweranso. Mayi Gondwe anakaniza katunduyo mpaka iwo atabweranso. Masabata anapita. Kuloji kuja abwana anaona misomali ili yokha pakhoma, ndipo anauza azakhali kuti katundu akapanda kuoneka sabata imeneyo, ntchito yatha ndipo nkhani ikathera kupolisi. Ndinawaimbira mayiwo ndikulira.

"Ndinabwereka ine?" anandifunsa. "Anabwereka ndi iwe."

Mawu amenewo amandiwotchabe mpaka lero.

Kenako mayiwo anatulukira ndi galimoto, ati oyendera afika mawa m'mawa. Ndikanatha kubweza katunduyo tsiku lomwelo, koma ndinadikira dala. Kutacha ndinakolopa nyumba yonse mpaka kuwala, ndinawathirira mayiwo tiyi pakhonde, kenako ndinapachula zozimitsira zija n'kuzikweza pawilibala pamodzi ndi bokosi, osafunditsa ngakhale chitenje. Ndinaima kuseri kwa mpanda mpaka nditamva galimoto, ndiye ndinakankha wilibala molunjika pageti.

"Achemwali, zimenezi zikupita kuti?" anafunsa mkulu wa oyenderawo.

"Kwawo, bambo. N'zobwereka."

Analowa, anaona makoma, ndipo anauza mayiwo kuti asagonekenso mlendo m'nyumbamo mpaka atagula zawozawo n'kupeza layisensi. Alendo awiri amene analimo analongedza pompo. Mayi Gondwe anandinena kuti ndine njoka, mfiti, wosayamika. Ine ndinangoika makiyi pambali pa kapu yawo n'kupitiriza ulendo.

Azakhali anapachika zozimitsirazo ndi manja awo, ndipo kwa mwezi sanandilankhule, koma ntchito yawo inapulumuka. Yanga inathera pageti pomwepo, ndipo sindinailire.

Panopo ndimasamalira nyumba ina ku Benga. Ndisanalandire makiyi ndinafunsa layisensi, ndinafunsanso kuti chozimitsiracho n'cha yani. Dzina langa sindibwerekeranso nalo munthu kanthu, ngakhale tsache. Nyumba ya ku Chia ija ikadali yotseka, udzu unafika m'mawindo, ndipo ndikamadutsa pa kabaza ndimauza wopalasa kuti ayende pang'onopang'ono.