Achidindo ndi Foni ya Alonda

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Aliyense ankangoti Achidindo, chifukwa utsikana wawo wonse anauthera pa windo la positi ofesi akudinda makalata. Chala chawo chamkombaphala chinali chitazolowerana ndi inki moti sopo anachita kugonja. Ankadziwa mwini wa bokosi lililonse, ndipo munthu akangosuzumira pakhomo ankamuuziratu kuti, "Lero kulibe, bambo, koma musataye mtima."

Kenako makalata anayamba kuphwa ngati chitsime m'chilimwe. Matumba amene ankabwera ali tho anayamba kubwera atafota. Mawindo anatsekedwa limodzilimodzi, ndipo tsiku lina Achidindo anauzidwa mwaulemu kuti akapume. Kunyumba anapirira pang'ono, akusesa posesa kale, mpaka mwana wawo wamwamuna anawamvera chisoni.

"Amayi, bwanji muzikakhala ku shopu ndi apongozi anu? Pano mumaliza simenti ndi tsache."

Mpongozi wawoyo anali ndi kashopu kopanga fotokope pafupi ndi pokwerera mabasi. Munali makompyuta angapo, fani yolira ngati njuchi, ndi fungo la mapepala otentha. Anali mkazi wa changu, wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Tsiku loyamba anakhazika apongozi ake pa kompyuta.

"N'zosavuta, amayi. Mungotsegula burawuza, mulembe adiresi ya webusaiti pamwambapo, mukatero mudine linkiyo."

"Mwananga," anatero Achidindo, "wayankhula zambiri, koma ine ndatolapo liwu limodzi lokha. Adiresi. Tandiuza, adiresi imeneyi nyumba yake ili kuti?"

Zinthuzi mpongoziyo ankazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma funso lotere anali asanafunsidwepo. Kuyambira pamenepo anaona zakuda. Achidindo ankafunsa akudya, ankafunsa makina akulira, ankafunsa ngakhale kasitomala ali chilili. Sankalola liwu kudutsa asanaligwire mchira. Akalimvetsa ankaliika m'mutu mwawo monga ankaikira makalata, lililonse m'kabokosi kake.

Posakhalitsa anazindikira kuti sanali okha mumdimawo. M'shopumo munkabwera anthu achikulire atagwira mafoni amene ana awo anawagulira, atawagwira ngati mazira a eni. Ankachita manyazi kufunsa, n'kumanamizira kuti aiwala magalasi. Koma akaona mayi waimvi ali pa kompyuta ankasendera pafupi.

Woyamba anali atelala a shopu yoyandikana, amene ankafuna kuona masitayilo atsopano a madiresi.

"Kodi intaneti imeneyi imakhala m'kati mwa foni momwemu?"

"Ayi, anzanga. Intaneti ndi misewu. Makompyuta a dziko lonse analumikizana, monga mapositi ofesi ankalumikizirana ndi magalimoto. Foni yanuyi yangokhala pakhonde poonera msewu. Webusaiti ndiye nyumba kapena sitolo ya m'mbali mwa msewuwo, ndipo iliyonse ili ndi adiresi yake. Mukaphonya chilembo chimodzi, mwagogoda kwa eni ake."

"Nanga burawuza?"

"Ameneyo ndi wa njinga. Mumamupatsa adiresi, iye n'kukufikitsani pakhomo."

Atelala anaseka mpaka kugwetsa tepi yoyezera. Mawa lake anabwera ndi adalaivala ena opuma ntchito, amene ankadina chilichonse chowala chimene chawatulukira. Achidindo anawauza kuti linki ndi njira yachidule yopita ku nyumba ina, koma si aliyense wokulozera njira yachidule amene ali m'bale wako. Pa imelo pokha ndi pamene ankang'ung'udza. "Ndi kalata ndithu," ankatero, "kungoti yopanda ulemu. Ilibe envulopu, ilibe sitampa, imangofika ngati mlendo wosaodira."

Mpongozi uja poyamba ankadandaula kuti shopu yasanduka sukulu ya kwacha. Koma ataona kuti okalambawo akumabweranso ndi mapepala awo odzapangitsa fotokope, anaika benchi pakhonde.

M'mawa wina kutagwa mvula yamphamvu, munalowa alonda a pa sitolo ya zitsulo, akuchokera ku ntchito. Anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, amene mkazi wawo anamwalira chaka chapitacho. Anatulutsa foni yokulungidwa m'kampango n'kuiika pa tebulo mosamala.

"Yagwera m'ngalande, mayi. Wokonza mafoni wati yafa, sidzukanso." Anaikankhira pambali. "Foniyo ndilibe nayo ntchito. Koma munali zithunzi za mayi a kunyumba. Zina ndilibe. Ndiye ngati ndawaikanso m'manda kachiwiri."

Achidindo anaiyang'ana foniyo, ndipo mtima wawo unawawa. Anali ataonapo nkhope zotere pa windo, za anthu odikira kalata imene sidzabwera. Sanafune kuwapatsa chiyembekezo chabodza.

"Sindikulonjezani kanthu, bambo. Koma ndifunse. Foniyi itagulidwa, anakukonzerani ndani?"

"Mwana wanga wamkazi. Ananditsegulira zinazake, akuti akaunti."

"Eya. Akaunti ndi bokosi lanu la ku positi. Chikwama chimene mumanyamulira makalata chikagwera m'madzi, bokosi lija limanyowa?"

"Ayi."

"Mafoni ena amatumiza okha zithunzi ku bokosi limenelo, n'kukasungidwa pa makompyuta akuluakulu kutali. Ngati mwana wanu anatchera choncho, mwina tipezako kanthu. Ngati sanatero, ndiye tilira limodzi."

Anawakhazika pa kompyuta ya pakona. Adiresi ya imelo alondawo ankaikumbukira, popeza linali dzina lawo lomwe. Atafika pa kabokosi kachiwiri anawerama n'kuyamba kunong'ona.

"Pasiwedi yake ndi…"

"Ayi, ayi, ayi!" Achidindo anatseka makutu ndi manja onse awiri. "Pasiwedi ndi kiyi, bambo. Kiyi wa bokosi sapatsa munthu, ngakhale ine amene. Inu ndinu alonda, mungapereke makiyi a sitolo kwa munthu chifukwa wakusekererani?"

Anatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana khoma. Kumbuyo kwawo ankamva chala chimodzi chikugogoda mabatani, pang'onopang'ono, ngati nkhuku yotola chimanga.

"Yakana, mayi."

"Musafulumire. Chilembo choyamba mwana wanu anachilemba chachikulu kapena chaching'ono? Makinawa ndi okhwima kuposa bwana wanga wakale."

Kugogoda kunayambiranso. Kenako kunangoti zii. Achidindo anadikira, maso ali pa kalendala ya pakhoma, mpaka anamva mpando ukulira ndi mpweya wa munthu ukutuluka mwamphamvu. Atatembenuka anapeza alonda atagwira pakamwa.

Pa sikirini panali mayi wonenepa bwino, ataima pa chingwe choyanikira zovala, akuseka dzanja lili kumaso. Panali chithunzi china ali ndi mdzukulu pamiyendo, china akusenda zipatso pakhonde. Panalinso kavidiyo kakafupi. Achidindo anawaonetsa podina, ndipo mawu a mayiyo anadzaza shopu yonse: "Inu, chotsani chifoni chanucho, simukuona kuti sindinapese?"

Mpongozi anazimitsa makina a fotokope.

Zithunzi sizinapezeke zonse. Za miyezi yomaliza, za ku chipatala, kunalibe, mwina chifukwa nthawi imeneyo foni inkakhala yopanda data. Achidindo anawafotokozera zimenezo mosabisa. Alonda anapukuta m'maso ndi kampango kaja n'kugwedeza mutu.

"Zisiyeni zimenezo. Iwonso sakanafuna kuti ndiziwaona choncho."

Achidindo anawaphunzitsa kudawuniloda, kuti n'kutenga phukusi ku positi n'kupita nalo kunyumba. Mpongozi anasankha pepala lonyezimira, lolimba, n'kusindikiza chithunzi cha pa chingwe chija. Alonda anachilowetsa m'kati mwa jekete kuopa madontho, n'kutuluka akuyenda pang'onopang'ono.

Nkhaniyo inafala msewu wonse, ndipo ena anayamba kubwera ndi mafoni akufa kalekale, kuyesa kuti Achidindo amadzutsa akufa. Ambiri ankabwerera manja ali m'khosi, chifukwa analibe akaunti, kapena kiyi anataya. Achidindo sankawanamiza. Ankangowakhazika pansi n'kuwathandiza kutsegula bokosi latsopano, kuti za mawa zisadzatayikenso.

Masiku ano maso awo ayamba kuchita chifunga, ndipo mpongozi anawakulitsira zilembo moti munthu amatha kuziwerenga ali pakhomo. Benchi lija limadzaza dzuwa lisanatenthe. Alonda nawonso amadzera pomwepo akaweruka, amakhala kumapeto, ndipo wina akafuna kudumpha mzere amangomuyang'ana kamodzi, munthu n'kubwerera yekha pamalo pake.