Galimoto Yomwe Inazungulira Kawiri

Inu owerenga, ine ndinaononga tsiku la ukwati wa mwana wanga wamkazi chifukwa cha galimoto yakale, ndipo mpaka lero mutandifunsa kuti galimotoyo inayenda mtunda wotani, ndingokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Sindikudziwa. Ndinafunsa anthu, ndinagwada m'fumbi kusuzumira kunsi kwake, ndinawerengetsera mpaka mutu kuwawa. Chonsecho choona chake ndinauzidwa tsiku loyamba lomwe, kungoti makutu anga anamva zina. Ndalemba izi kuti wina asadzapusitsidwe ndi manambala monga ndinapusira ine.

Ndimakhala ku Chelstone mu Lusaka, ndipo ndagwira ntchito m'boma mpaka imvi kumera. Makolo anga anachokera ku Katete. Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi yekha, dzina lake Taonga, ndipo anapeza mnyamata wa ku Woodlands, wa m'banja la anthu opeza bwino. Pa misonkhano yokonzekera ukwati, akuchimuna ankabwera ndi zigalimoto zazikuluzikulu n'kudzaza msewu wathu wonse, ine kanga kakang'ono nditakabisa kuseri kwa nyumba. Ndisaname, zinkandibaya mumtima. Ndinalumbira chamumtima kuti mwana wanga adzapita kutchalitchi pa chinthu chomwe iwo alibe, galimoto yakalekale ngati zomwe ankakwera akuluakulu ine ndili mwana.

Taonga analibe nazo ntchito zimenezo. Nkhawa yake inali nthawi. Loweruka limenelo kutchalitchi kunali maukwati awiri, wathu woyamba, ndipo wansembe anachenjezeratu kuti wochedwa Misa yake imupita. Mwanayu anakulira m'kwaya, ndipo anzake anali akukonzekera nyimbo zoti adzamuyimbire polowa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ba Dadi, ine motoka iliyonse ili chabe bwino. Munifikise chabe pa nthawi." Ndinamulonjeza ndikuseka.

Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandiuza za mayi wamasiye wa ku Kabulonga, ba Chanda, wochokera ku Luapula, yemwe ankagulitsa galimoto ya malemu amuna ake. Nditafika, anavundukula nsalu m'galaja, ine mtima unangoti phwii. Inali yobiriwira, zitsulo zake zonyezimira, mipando yachikopa. Ndinafunsa za mapepala. Panali buku la umwini lokha, lomwe silinena kanthu za mtunda. Mapepala a kugalaja, osonyeza kuti inakonzedwa liti ndipo inali itayenda bwanji, anadyedwa ndi chiswe m'katoni.

Choncho ndinatsala ndi wotchi. Kwa amene simuyendetsa galimoto, ndikunena timawindo ta manambala tomwe timakhala pansi pa muvi wa liwiro, towerenga mtunda womwe galimoto yayenda, omwe timati mayileji. Timawindo take tinali tisanu, ndipo tinkasonyeza zikwi makumi anayi ndi kakuti. Galimoto ya zaka zonsezo kuyenda kamtunda kotere! Ndinafunsa mayiwo ngati zinali zoona. Iwo anati, "Ba tata, iyi motoka inazungulila kabili. Ba shikulu banali kukonda kuyenda maningi."

Apa ndi pomwe panagona nkhani yonse. Ine ndinamva kuti ba shikuluwo, malemu amuna awo, anazungulira dziko la Zambia kawiri. Ndinafunsanso kuti, kuzungulira Zambia yonse? Mayiwo makutu anali atayamba kulemera, agalu nawo akuuwa kuseri, ndiye anangogwedeza mutu n'kubwereza kuti ee, kabili. Ndinayamba kuwerengetsera mumtima: Chipata, Mbala, Mansa, Solwezi, Mongu, Livingstone, kawiri konse, kuphatikizapo maulendo a kutchalitchi ndi kumsika. Ndinaona kuti zikugwirizana ndithu ndi manambala aja. Ndinagula tsiku lomwelo, ndikudzitama kuti ndapeza mwayi womwe anthu a ku Woodlands anaudutsa osauona.

Chisokonezo chinayamba nditangofika kunyumba. Amake Taonga anayesa kutseka chitseko cha dalaivala, chinakana, mpaka anachita kuchinyamula pang'ono. Anandifunsa kuti chitseko cha galimoto yosayenda chatopa ndi chiyani. Ndinawayankha mwaukali kuti za magalimoto azisiyire ine. M'mawa mwake nditaliza injini, kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu mpaka nkhuku za aneba zinathawa.

Ndinaitengera ku Kabwata kwa makanika wanga, ba Mulenga. Iye wotchi ija sanaiyang'ane n'komwe. Anagwada n'kukhudza zopondera. Labala wa pa kilatchi anali atadyeka mpaka chitsulo kuonekera. Anasisita chiwongolero, chinali see ngati munsi wa mtondo womwe wasinja zaka zambiri. Anakhala pampando, unamira. Anayang'ana kiyi, mano ake anali atafufutika. Kenako anati, "Bosi, iyi yayenda. Wina anabweza wochi kumbuyo." Anandilangiza kuti ndimusiyire ayeze mphamvu ya injini ndi kutsegula kunsi kwake aone zitsulo zam'kati. Ndinachoka nditakwiya, osadziwa kuti ndakwiyira iye, mayi aja, kapena ine mwini.

Tsiku lina ndinapita nayo ku Kamwala kwa bambo wina wachikulire wogulitsa zipangizo za magalimoto akale. Ndinamufunsa funso limodzi: kodi wotchi iyi inabwezedwa? Anavala magalasi, anaunika ndi tochi. Anandionetsa kuti tizomangira take sitinakhudzidwepo ndi sipanala kapena sikuludalaivala, utoto wa kufakitale ukadali pomwepo. Anandionetsanso kuti manambala aima mzere umodzi, pomwe obwezedwa amakonda kukhala lina m'mwamba lina m'munsi. Anati palibe munthu anaigwirapo. Ine ndinafunsa funso limodzi, iyenso anayankha limodzi lomwelo, ndipo ndinatuluka ndikuimba kamluzu.

Koma pofika pa mphambano ya ku Chelstone, mutu unali utayambanso kuzungulira. Ngati wotchi sinagwiridwe, kilatchi anaidya ndani? Mnzanga wa kuntchito uja anati vuto ndi loti wotchiyo imawerenga mamailosi, osati makilomita. Ndinachulukitsa, mtunda unakweradi, koma osafika poti mpando n'kumira. Aneba anati galimoto yongokhala imaola kuposa yoyenda, ndiye utsi uja ndi wa kukhalitsa, utha wokha. Wina kutchalitchi anati mwina chingwe cha wotchi chinaduka zaka zambiri n'kudzalumikizidwa pambuyo pake. Ndinaiyendetsa mpaka m'tauni maso ali pa manambala, ndipo ankasuntha bwinobwino. Aliyense amene ndinamufunsa ankalankhula motsimikiza, ndipo aliyense ankamveka wolondola ndikakhala naye. Ndikangopatuka, ndinkabwerera pomwe ndinayambira.

Inu owerenga, munthu akasokonezeka amasankha yankho lomwe likumukomera. Ine ndinasankha la bambo wa ku Kamwala. Ba Mulenga anandiimbira foni kundikumbutsa zoyeza injini, ine ndinati nthawi yatha, galimoto ikufunika kupolishidwa ndi kumangidwa maliboni. Ndinamuuzanso mawu omwe ndimachita nawo manyazi mpaka lero, oti manambala sanama koma anthu.

Loweruka la ukwati linafika. Magalimoto a akuchimuna anabwera kudzatenga operekeza ndi amake Taonga. Abambo ake a mkwati anapempha kuti imodzi itsalire izititsatira pambuyo. Ndinakana. Ndinkafuna tifike tokha, anthu onse atasonkhana pakhomo la tchalitchi, aione bwino. Tinanyamuka atatu, ine pachiwongolero, Taonga kumbuyo ndi mnzake womugwirira chovala.

Titangolowa mu Great East Road, anthu m'maminibasi ankatiimbira m'manja, ine chifuwa chili tutumu. Sitinapite patali. Kutsogolo kunayamba kumveka kugogoda, poyamba pang'onopang'ono, kenako ngati munthu akukhoma chitsulo ndi hamala. Kanyali kofiira kanayaka. Ndinadziuza kuti tifika, ndinapondabe. Kenako kunamveka chiphokoso chimodzi, utsi unalowa m'kati, injini inazima. Pamene ndinkaikokera m'mbali mwa msewu, oilo wakuda anali akuyenderera pa tala.

Taonga anatuluka akutsokomola, m'mphepete mwa chovala chake choyera mutadetsedwa. Ine ndinatsegula boneti n'kumangoyang'ana, ngati kuti ndikudziwa chomwe ndikufuna. M'malo moimba foni nthawi yomweyo, ndinataya nthawi kugwiragwira mawaya ndi kupempha anthu kuti atikankhe, chifukwa mumtima ndinkakanabe kuti galimoto ya mtunda wochepa chonchi ingafe. Pamene ndinkaimba, mafoni a anthu anali atazimitsidwa m'tchalitchi. Mnzake wa Taonga ndiye anaimitsa minibasi. Kondakitala anakuwa kuti, "Ba bride, kwelani, tizamifikisa!" Mwana wanga anakwera, atakwinya chovala chake m'manja, n'kukhala pakati pa amayi a madengu a tomato.

Ine ndi mnzake uja tinakweranso, galimoto n'kuisiya pomwepo. Tinachita kusintha minibasi m'tauni, pakati pa chipwirikiti cha Loweruka. Pofika ku Woodlands komwe kunali tchalitchicho, m'kati munali mutalowa kale ukwati wachiwiri. Wansembe anatichitira chifundo, atamaliza winawo anawadalitsa ana athu mwachidule m'kachipinda ka pambali. Misa panalibe. Kwaya inali itayimbira mkwatibwi wina nyimbo zomwe inakonzera Taonga. Ndinayembekezera kuti mwanayo andikalipire, mwina mtima ukanapepuka. Iye anangoti, "Zachitika, ba Dadi," osandiyang'ana kumaso.

Patapita masiku ndinapita ku Kabulonga nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinawanena ba Chanda kuti ndi abodza, pamaso pa mdzukulu wawo ndi wantchito wa m'munda. Mayiwo anadabwa kwambiri. Anakweza chala n'kujambula mkombero m'mwamba, nati, "Nanga sininakuuzeni? Wochi inazungulila kabili. Ikafika pa ma naini yonse, iyambilanso pa zilo."

Ndinakhala pansi pakhonde popanda wondiuza. Wotchi ya timawindo tisanu ikadzaza, ilibe poika nambala yachisanu ndi chimodzi, ndiye imabwerera poyambira ngati yatsopano. Kwa malemu amuna awo, kuzungulira kwa wotchi chinali chinthu chonyadira. Mayiwo anandifotokozera kuti ulendo woyamba malemuwo anaimika galimoto pamsewu wa ku Mansa n'kutsitsa banja lonse kuti lione maziro akufola, ndipo wachiwiri anaphera anthu nkhuku. M'nyumba mwawo mawu oti inazungulira ankatanthauza chimenecho basi. Sanandibisire kanthu. Anandiuza monyadira, ine n'kumva za mapu a Zambia.

Ndinafunsa ndi mawu otsika ngati ndiye kuti inayenda zikwi mazana awiri ndi makumi anayi. Anati mwina. Amuna awo atadwala, ana awo aamuna anaiyendetsa zaka zingapo kupita ku Copperbelt ndi kubwerera, ndipo ngati inazunguliranso kachitatu, iwo sakudziwa chifukwa panalibe amene anaphera nkhuku. Ndinapepesa n'kutuluka. Pamsewu ndinazindikira kuti ba Mulenga sananame ponena kuti yayenda, bambo wa ku Kamwala sananame ponena kuti sinagwiridwe, ngakhalenso wotchiyo sinaname. Aliyense anali ndi chidutswa chake, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati ndi mamailosi kapena makilomita, kawiri kapena katatu.

Tsono inu amene mumakopeka ndi magalimoto akale opanda mapepala, ndimvereni. Werengani kaye timawindo ta wotchi. Ngati tili tisanu, nambala yomwe mukuionayo ndi mchira chabe wa nkhani. Khulupirirani zopondera, chiwongolero, mpando, kiyi ndi zitseko, chifukwa zimenezo sizibwerera pa ziro. Makanika akapempha kuyeza injini, mulekeni ayeze, ngakhale maliboni achedwe. Wogulitsa akanena mawu omwe mukuganiza kuti mwawamva, mufunseni alozere ndi chala chomwe akunena, makamaka kuno ku Lusaka komwe Chinyanja chathu aliyense amachikokera kwawo. Ndipo ngati simunatsimikize, musakwezemo munthu yemwe tsiku lake silidzabweranso.

Taonga sanandisungire mawu oipa. Amabwera kudzationa, amandigulira mankhwala, timaseka. Chaka chathachi anabereka mwana wamwamuna, ndipo ubatizo unali m'tchalitchi chomwe chija. Ndinamuimbira foni tsikulo lisanafike, ndinamuuza kuti kagalimoto kanga kakang'ono kali bwinobwino, ba Mulenga akaona paliponse, ndidzabwera m'mamawa kudzamutenga iye ndi mwana.  Anayankha mwaulemu, ndi mawu ofewa, kuti, "Osavutika, ba Dadi. Bapongozi bazatitenga. Imwe muzatipeza kwamene kuja."