Zala Zitatu ndi Padi ya Nthambo

Tsiku limene Langford anatuluka m'chipatala, sanapite kunyumba. Analunjika kudooko, bandeji idakali kudzanja.

Zaka khumi ndi ziwiri anazithera m'bwato la a Bonifasio, kuwolotsa amalonda kuchoka ku Feira kupita ku Zumbo, tsidya la Mozambique. M'mawa wina wa Okutobala mvuu inavuuka pansi pa bwatolo n'kuluma m'mphepete, penipeni pamene panali dzanja lake lamanja. Anthu onse asanu ndi mmodzi anapulumuka. Langford anasiya m'madzimo chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Anawapeza a Bonifasio ali pansi pa mtengo wa masau, akuyang'anira anthu amene ankakhoma bwato latsopano. Sanadzuke n'komwe.

"Bwato langa linasweka, iwe wabwera kudzandionetsa bandeji?" anatero. "Nkhafi imafuna manja awiri, Langford. Pita ukapume."

Anapumadi, kupuma kowawa. Mvula itayamba, mkazi wake Nelly ananyamula mwana wawo wamkazi n'kunena kuti akupita ku Mburuma kukathandiza amayi ake kubzala mapira. Mapira anabzalidwa, anacha, anakololedwa. Nelly sanabwere.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli pansi, ndikuuziranitu kuti muli zowawa zambiri kuposa zokoma. Koma iwerengeni mpaka kumapeto.

Munthu yekhayo amene sanasiye kumuimbira foni anali mlongo wake wamkulu, Thecla, amene ankakolopa m'maofesi ku Lusaka. Tsiku lina Thecla anatumiza katoni pa lole ya nsomba. M'katimo munali kompyuta yakale imene abwana ake anafuna kutaya.

"Muli masewera a mpira ndi ankhonya, mwana wawo ndiye ankasewera," anatero Thecla pa foni. "Kuno anthu amalipira kuti asewere. Yesa, Langi. Kukhala chabe kukupha."

"Asisi, ine ndi wa m'madzi. Izi ndizidziwira kuti?"

"Madzi anakukana. Uphunzira."

Langford anapempha malo pakhonde la shopu ina pafupi ndi msika, pamene panali magetsi. Anaika tebulo ndi benchi. Tsiku loyamba anabwera anyamata oyendetsa njinga zamoto ndi asodzi odikira mphepo kuti ileke. Anazungulira tebulo, n'kuyamba kuseka.

"Mudala, mpira sitimenya pa kiyibodi monga tikulemba kalata," anatero mmodzi. "Mapadi ali kuti?"

Langford sankadziwa kuti padi n'chiyani. Anamufotokozera kuti ndi kachipangizo kogwira ndi manja awiri, kokhala ndi mabatani ndi tindodo tiwiri towongolera osewera. Popanda iko, palibe amene akanakhala pa benchi lake.

Chinthu cha mtengo chimene chinatsala m'nyumba mwake chinali ukonde wa malemu bambo ake. Anaugulitsa. Anakwera galimoto mpaka pa Buliji, pamlatho wa pamsewu waukulu, n'kukwera basi ya ku Lusaka, ndalama atazimanga m'sokosi.

M'shopu yoyamba imene analowa, anafunsa mwaulemu za mapadi otsika mtengo. Wogulitsa anamuyang'ana kuyambira ku patapata mpaka kudzanja lopunduka lija.

"Otchipa alipo, a nthambo," anatero, akuloza ndi mlomo pakona. "Koma izo ni za kumudzi, bosi. Anthu a nzeru manje agula izi." Anatsitsa bokosi lonyezimira. Padi yake inali yopanda nthambo, yowala magetsi obiriwira ndi ofiira, yolemera bwino m'manja.

Mawu akuti "za kumudzi" anamulasa Langford. Chaka chathunthu anthu anali akumuyang'ana ngati chinthu chotha ntchito, ndipo anafuna kubwerera ku Feira ndi chinthu choti anthu achione n'kutseka pakamwa. Anagula awiri. Ndalama ya ukonde inathera pomwepo.

Ulemerero wake unakhala masiku asanu ndi anayi.

Mabatire ankatha dzuwa lisanapendeke. Munthu akadina batani kuti amenye mpira, wosewera wa pa sikirini ankayamba waganiza kaye, n'kumenya mpira utapita kale. Pankabuka mikangano, ena n'kumachoka osalipira. Kenako kandodo ka padi imodzi kanayamba misala, wosewera n'kumathamangira yekha kukona popanda womukhudza. Loweruka, pakhonde patadzaza, padi inayo inalowa m'thumba la munthu n'kupita. Palibe amene anaona.

Mawu anayenda msika wonse: "Mvuu inamudya zala, Lusaka yamudya ukonde." Ankanena iye akumva. Ena mwa onenawo anali anthu amene iye anawawolotsa kwa zaka zambiri, ena mwaulere.

Pafupi ndi khondelo panali kanyumba ka mayi Genoveva, mayi wa zaka za m'ma fifite wochokera ku Zumbo, amene ankakonza mafoni. Sanaseke nawo, komanso sanamupepese. Anangotambasula dzanja.

"Bweretsa chakufacho."

Anachitembenuza, kufunafuna masikuluwu. Panalibe. Anachita kuchikanula ndi mpeni chifukwa chinali chomata ndi guluu. M'kati munali kabolodi kopyapyala ngati chikhadabo, ndi chidutswa cha chitsulo chomatidwa pambali.

"Waona kulemera kumene unagula?" anatero Genoveva, akumuponyera chitsulocho. "Gong'a iyi, chinthu chabodza. Anaikamo chitsulo kuti dzanja lako linamizidwe. Ndiuze, bwato ukamagula umayang'ana penti?"

"Ayi, amayi. Ndimagogoda thabwa."

"Nanga ku Lusaka nzeru unazisiya pa Buliji?"

Langford anafuna kukwiya, koma panalibe bodza pa zimene mayiyo ananena. Anakhala pansi.

Genoveva anamuuza mosabisa kuti ndalama samupatsa, ndipo chisoni alibe nacho nthawi. Chimene akanamupatsa ndi maso. Anamuphunzitsa kuti kuno kotentha, kwa fumbi, kumene anthu makumi awiri adzagwira padi imodzi pa tsiku, yofunika ndi ya nthambo: sidya mabatire, sichedwa kumva, ndipo siyenda yokha kupita kwa eni ake atsopano. Iyenera kukhala yomanga ndi masikuluwu kuti ikafa itsegulidwe. Pamene nthambo imalowera payenera kukhala labala yokhuthala, chifukwa ndi pamene imadukira. Batani likadinidwa libwerere msanga. Kandodo ukakakankha n'kukasiya, kaime pakati.

"Ndipo usatulutse ndalama asanailumikize pa kompyuta iwe ukuona," anatero. "Akakana, tuluka. Mashopu ndi ambiri, ukonde unali umodzi."

Ndalama ya ulendo wachiwiri inatenga miyezi isanu. Langford anabwerera kudooko komwe kuja, osati kukapalasa, koma kukasenza matumba a nsomba zouma pamutu kuchoka m'mabwato kupita kumalole. Bwato latsopano la a Bonifasio linkafika tsiku lililonse, nkhafi ili m'manja mwa munthu wina, ndipo Langford ankatsitsa katundu wa m'bwatolo ngati mlendo. Palibe tsiku limene sizinamupweteke.

Masana, malole akachoka, ankakhala kwa Genoveva kuphunzira kuwotcherera mawaya ndi dzanja lamanzere. Zala zitatu zija zinkagwirizira waya, ndipo zinapsa kambirimbiri. Genoveva ankangoti, "Bwereza."

Asananyamuke anachitanso chinthu chimene poyamba ankachita nacho manyazi. Anapita kwa anyamata a njinga aja, omwe ankamuseka, n'kuwafunsa kuti amakonda padi yooneka bwanji, mabatani ake akhale pati. Anamuseka kaye, kenako anamujambulira pansi ndi kamtengo.

Ku Lusaka analowa shopu yoyamba n'kupempha kuti ayese padi pa kompyuta. Anamuuza kuti bokosi silitsegulidwa. Anatuluka. Yachiwiri chimodzimodzi. Mu yachitatu wogulitsa anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Ngati mulibe ndalama, mudala, osatitayitsa nthawi." Sokosi inali ndi ndalama, ndipo mtima unamuuza kuti aitulutse amuonetse munthuyo. Anakumbukira matumba a nsomba a miyezi isanu, n'kutuluka.

Dzuwa litapendeka anapeza kashopu kakang'ono kuseri kwa msika. Mayi wogulitsamo anamumvetsera, n'kuyatsa kompyuta yake. Langford anayesa mapadi asanu, batani ndi batani, ndi chala chachikulu chamanzere. Imodzi inali ndi batani lokakamira. Ina kandodo kake sikanabwerere pakati. Anasankha atatu otsalawo: akuda bii, opanda kuwala kulikonse, a masikuluwu asanu ndi awiri kumbuyo, nthambo yake yotalika kuposa msinkhu wa munthu. Atatu onsewo mtengo wake sunafike pa padi imodzi yonyezimira ija.

"Mumakonza zimenezi?" anafunsa mayiyo, akumuyang'ana mmene ankapindira nthambo polowera.

"Ndinaphunzira mochedwa," anayankha Langford.

Atafika ku Feira anaboola tebulo, n'kulowetsa nthambo iliyonse pabowo, n'kuimanga kunsi ndi mfundo imene ankamangira bwato pachikhomo. Munthu akakoka padi mwaukali atagoletsedwa, mfundo ndiyo inkamva, pulagi osagwedezeka.

Anthu atawaona mapadiwo anati Langford wabwera ndi za agogo. Koma wina anakhala pansi, n'kudina, mpira n'kuchoka nthawi yomweyo. Anagoletsa, n'kukuwa. Mnzake anamulanda malo. Pofika Loweruka, benchi linali lochepa.

Sizinayende myaa. Magetsi ankazima anthu ali pamzere. Mwezi wachinayi nthambo imodzi inaduka mkati. Anaitsegula, kuidula, kuiwotcherera, ndipo ola lisanakwane inali m'manja mwa wosewera. Fumbi linkalowa m'mabatani, iye n'kumapukuta Lolemba lililonse ndi kansalu ndi sipiriti. Kompyuta inafa kawiri, Genoveva n'kuidzutsa akunyinyirika.

Papita zaka zitatu tsopano. Langford anachoka pakhonde, ali m'chipinda chakechake chokhala ndi makompyuta atatu ndi mapadi asanu ndi atatu, onse a nthambo. Loweruka lomaliza la mwezi kumakhala mpikisano, ndipo magulu amabwera kuchokera kwa Mphuka ndi ku Kavalamanja. Amalonda a ku Zumbo amamubweretsera mapadi akufa kuti awakonze, ndipo wofuna kugula yatsopano amayamba wadzera kwa iye kudzafunsa.

Musaganize kuti zonse zinakonzeka. Nelly anakwatiwa ndi munthu wina ku Mburuma. Mwana wawo uja amabwera kwa Langford pa holide, ndipo masiku awiri oyamba amamupatsa moni ngati mphunzitsi. Amene ankaimba za ukonde lero amamutcha "abwana", iye n'kumawayankha bwinobwino, koma akukumbukira aliyense ndi pamene anaima. Ndipo mwini malo amene anthu amadzasangalalako sanasewerepo mpira n'kuumaliza bwino, chifukwa padi imafuna chala chachikulu chamanja. Masana kukakhala kopanda anthu amayesa yekha, kompyuta n'kumuchinya zigoli zisanu.

Chaka chatha a bungwe la abambo kutchalitchi kwawo anamupempha kuti apereke umboni. Wapampando, a Everisto, anamukokera pambali asanalowe.

"Mukawauze kuti ngozi ija inali dalitso lobisika," anatero. "Anthu amalimba mtima ndi mawu otero."

Langford anaimirira kutsogolo, n'kukweza dzanja lake kuti onse alione.

"Andiuza kuti ndinene kuti ili ndi dalitso," anatero. "Sindinama m'nyumba ya Mulungu. Akanandifunsa, ndikanasankha zala zanga, bwato ndi banja langa. Sanandifunse. Chimene ndinafunsidwa n'chakuti, ndi zitatu zatsalazi uchita nazo chiyani? Poyamba ndinayankha mopusa, ndinagula chinthu choti anthu andione. Kachiwiri ndinagula chinthu choti chigwire ntchito. Umboni wanga ndi womwewo."

Anakhala pansi. Bambo wina wachikulire kumbuyo anayamba kuwomba m'manja yekha, pang'onopang'ono.

Inu amene mwaluza chinthu chimene sichidzabweranso, sindikuuzani kuti muiwale, kapena kuti mumwetulire. Lirani, n'zowawadi. Koma mukatha kulira, werengani zimene zatsala m'manja mwanu. Musathere mphamvu zanu zomaliza pofuna kutseka pakamwa anthu oseka, pakuti pakamwa pawo sipatsekeka. Funsani amene akudziwa, ngakhale akuyankheni mokalipa. Sankhani chimene mungakwanitse, chimene chikathyoka mungachitsegule n'kuchikonza. Mukanamizidwa kamodzi, bwererani kachiwiri maso ali otsegula.

Mtima ungawawe zaka ndi zaka, koma musautaye. Dzukani nawo wowawa womwewo, mukagwire ntchito.